Obwera Pambuyo Asadye Mkute

Abale anga, ife kuno kwathu tinazolowera wotchi imodzi. Ikakwana 8 koloko usiku ku Nsanje, yakwananso ku Chitipa, ndipo nkhani zikamawerengedwa pa wailesi tonse timamvera limodzi. Ku America zinthu sizili choncho. Dzikolo ndi lotambalala kwambiri moti pakati pa New York, kugombe la kuvuma, ndi Los Angeles, kugombe la kuzambwe, pali kusiyana kwa maola atatu. Banja la ku New York likamakhala pansi 8 koloko usiku kuti lionere sewero la nthabwala pa TV, ku Los Angeles imakhala ili 5 koloko madzulo, anthu akadali pamsewu kuchokera kuntchito. Eni mawailesi akhala akulimbana ndi maola atatu amenewa kuyambira kale, ndipo m'kulimbana kwawoko muli nzeru yoti nafenso titolepo.

M'zaka za m'ma 1930, nthawi ya wailesi yomvera chabe, makampani akuluakulu monga NBC ndi CBS sankafuna kuulutsa zojambuliratu. Azisudzo ankachita sewero kuti amve a kuvuma, kenako n'kudikira, usiku utakula n'kulichitanso kuti amve a kuzambwe. TV itafika, kunapezeka njira yachidule yotchedwa kinescope. Ankalozetsa kamera ya filimu pagalasi la TV sewero lili m'kati, n'kutsuka filimuyo, n'kuionetsa kwa anthu akutali. Zithunzi zake zinkatuluka zambuu, mawu osamveka bwino. A ku New York ankadya nsima yotentha, a ku California n'kumalandira mkute.

Mu 1951 panabuka nkhani yomwe ndimakonda kuisimba kwa achinyamata. Lucille Ball ndi mwamuna wake Desi Arnaz ankakonzekera kuyamba sewero lotchedwa I Love Lucy pa CBS. Kampani ya fodya ya Philip Morris, yomwe inkalipira pulogalamuyo, inkafuna kuti seweroli lizichitikira ku New York ndi kuulutsidwa pompopompo, popeza oonera ambiri anali kuvuma ndipo sakanalola kuwapatsa zithunzi zambuu zija. Banjali silinkafuna kusamuka ku Los Angeles. Mmalo mokangana mpaka kulekana, anagwirizana zoti sewerolo lizijambulidwa pa filimu yabwino ya 35mm, ndi makamera atatu nthawi imodzi, anthu oonera ali pompo m'situdiyo kuti kuseka kwawo kumveke. Ntchito ya kuwala ndi makamera anaipereka kwa Karl Freund, katswiri yemwe anajambulako filimu ya Metropolis ku Germany. Njirayi inali yodula, choncho Lucille ndi Desi anavomera kuti malipiro awo adulidwe, bola mafilimuwo akhale a kampani yawo ya Desilu.

Taganizani, abale, munthu kulola kuti malipiro a sabata ino achepe chifukwa cha chinthu chomwe ambiri panthawiyo ankachiona ngati chopanda ntchito, mafilimu a sewero loti anthu aonera kale. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Seweroli linayamba pa 15 October 1951, ndipo patangopita zaka zochepa CBS yomweyo inagula mafilimuwo ndi mamiliyoni a madola. Koma ine chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi: kuyambira pamene seweroli linayamba, woliwonera wa ku California ndi wa ku New York ankaona chithunzi chofanana, choyera bwino, aliyense pa nthawi imene wafika pakhomo.

Mu 1956 kampani ya Ampex inatulutsa makina ojambulira pa tepi, ndipo pa 30 November chaka chomwecho CBS inawagwiritsa ntchito kuonetsa nkhani za Douglas Edwards kwa a kuzambwe maola atatu pambuyo. Vuto la wotchi linatha. Masewero ambiri a nthabwala ankajambulidwiratu, wolakwitsa mawu n'kubwereza, poipa n'kudulapo.

Nanga n'chifukwa chiyani patapita zaka makumi anayi azisudzo ena anabwereranso kuchipsinjo chakalecho? Tisanamizane, eni mawailesi amafuna oonera ambiri, ndipo sewero loulutsidwa pompopompo limakopa anthu chifukwa aliyense amadikira kuona ngati wina apunthwe. Koma amene walira mvula walira matope. Ukalengeza kudziko lonse kuti lero tichita pamaso panu popanda kudula, ndiye a kuzambwe n'kuwaonetsa tepi, lonjezo lako lakwaniritsidwa kwa theka la anthu okha. Pofuna kusunga mawu awo, a The Drew Carey Show mu November 1999 anachita gawo limodzi katatu usiku umodzi, kutsata mawotchi a zigawo za dzikolo. A Will & Grace anatsegula chaka chawo chomaliza cha nthawiyo pa 29 September 2005 pochita gawo lomwelo kawiri. Mmodzi mwa azisudzo ake, Megan Mullally, anali atavulala mwendo. Olemba sanamuchotse kapena kuimitsa tsiku. Anamukweza pa kanjinga koyendera batire n'kusandutsa kuvulalako gawo la nthabwala. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Tiyeni tiyandikire pang'ono usiku wa pa 14 October 2010, pamene a 30 Rock anachita gawo lotchedwa Live Show mu Studio 8H ku Rockefeller Center, ku New York. Seweroli linali lozolowera kudumphadumpha, apa tili mu ofesi, mwadzidzidzi tikuona zimene Liz Lemon akukumbukira. Pa tepi zimenezo n'zosavuta, koma pompopompo Tina Fey, amene ankachita mbali ya Liz, sakanatha kukhala malo awiri nthawi imodzi. Ndiye anapempha Julia Louis-Dreyfus kuti akhale Liz wa m'zokumbukirazo, kamera ikachoka pa uyu igwere pa uyo. Kuseri kwa zimenezo kunali Beth McCarthy-Miller akutsogolera makamera, kunali onyamula mawaya, osuntha makoma a siteji, ovalitsa anthu mumdima, aliyense akudziwa kuti akachedwa masekondi awiri dziko lonse liona. Mutu umodzi susenza denga, ndipo madzi akatayika saoleka.

Atamaliza, anthu anaomba m'manja, mantha aja n'kutsika, thupi n'kuyamba kufuna mphasa. Koma ku California kunali kusanade bwino. Anadikira, ndipo usiku utakula ku New York anayambiranso pachiyambi. Pofuna kuti a kuzambwe alandire chawochawo, anasintha zina: nyimbo yotsegulira inaimbidwa ndi Jane Krakowski ulendo woyamba, wachiwiri n'kuimba Cheyenne Jackson, ndipo nthabwala zingapo zinali zatsopano. Atabwereza mchitidwewu pa 26 April 2012, a kuvuma anaona Paul McCartney akutulukira m'sewero, a kuzambwe n'kuona Kim Kardashian.

Apa ndi pamene pagona malangizo anga, ana anga. Ulendo woyamba munthu amathandizidwa ndi mantha. Mtima ukugunda, maso ali tcheru, ulemu ukudikira kutsogolo. Ulendo wachiwiri mantha apita, kuyamikiridwa walandira kale, nthabwala ukuidziwa pothera pake, ndipo mdyerekezi wa ulesi amanong'oneza kuti tsobola wakale sawawa, ingomalizani tizipita. Komatu kwa mayi wa ku Seattle amene wangokhala pansi kumene, tsobolayo ndi wa lero. Iye sanamveko, ndipo palibe chimene analakwa pokhala kumene dzuwa limalowa mochedwa. Khalidwe la mmisiri limaonekera pa ulendo wachiwiriwu, pamene palibe chomukankha kupatula ulemu umene ali nawo pa munthu amene akumutumikira.

Tonsefe tili ndi a kuzambwe athu. Mphunzitsi amene waphunzitsa masamu m'mawa mwamphamvu, masana akumananso ndi kalasi ina pa mutu womwewo. Namwino afotokozera wodwala wa makumi anayi mmene angamwere mankhwala, mawu omwe wanena kuyambira 7 koloko. Mbusa alalikira mapemphero achiwiri mpingo woyamba utamuyamikira kale pakhomo. Ngakhale kholo lili momwemo: mwana woyamba tinamulera ndi maso onse awiri, chitsirizira timangomuuza kuti funsa achimwene ako. Wotopa amadziuza kuti wanena kale, kuiwala kuti amene ali patsogolo pakeyu sanalipo. Ndipo mtengo wake ndi wowawa. Mwana wa kalasi ya masana amalephera mayeso osadziwa chifukwa, wodwala womaliza amamwa mankhwala molakwika, ndipo chitsirizira amakula akuganiza kuti kwawo anabwera nthawi itatha. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma pano akulu ndiwo adya, opotedwa n'kukhala ana.

Sindikunena kuti kutopa ndi tchimo. Azisudzo aja anatha kuchita kawiri chifukwa anakonzekera kawiri kuyambira pachiyambi: anayeserera masiku angapo, anasunga mphamvu, anasungirako obwera pambuyo kanthu katsopano. Wodziwa kuti alendo adzafika magulu awiri sathera ndiwo zonse pa oyamba.

Ngakhale a The Simpsons, omwe sewero lawo ndi la zithunzi zojambula pamanja ndipo gawo limodzi limatenga miyezi kuti lithe, anatsata mwambowu pa 15 May 2016. Mphindi zitatu zomaliza za gawo la tsikulo, Dan Castellaneta, amene amalankhula mawu a Homer, anakhala m'kachipinda kojambuliramo mawu, kompyuta ikuyendetsa chithunzi cha Homer motsata mawu ake, iye akuyankha mafunso a anthu oimba foni. Mafunso a oonera a kuvuma sakanatha kuwagwiritsanso ntchito, chifukwa a kuzambwe nawo anali ndi mafoni awo ndi mafunso awo. Patapita maola atatu anabwerera m'kachipindamo n'kuyankha amenewo.