Wogula makina agulenso malamba ake

Mvula ikangoyamba mu Novembala, udzu wa m'mabwalo a masukulu ndi matchalitchi kuno ku Kitwe umakula msanga moti zikwakwa sizikwanitsa. Ena mwa amene anaphunzira pano aonapo mwayi, ndipo agula timathirakitala totchetchera udzu, tija munthu amachita kukwerapo, kuti azipeza maganyu podikira kuti chimanga chikhwime. Nzeruyo ndi yabwino. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mmene makinawa tikuwanyamulira pamsewu.

Mwezi wathawu ndinaperekeza m'bale wina, amene anatsiriza maphunziro pano, kukatenga makina otere ku Ndola. Tinachita hayala kalole ka Canter. Anyamata anayi anawakankhira m'mwamba pa matabwa awiri, dalaivala n'kuwakulunga ndi malegeni, ndipo mnyamata mmodzi anakhala kumbuyoko kuti aziwayang'anira. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 60, ndipo tinayenda bwino mpaka titawoloka mlatho wa Kafue. Polowa m'tauni minibasi inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwathu. Dalaivala wathu anaponda mabuleki, malegeni anatamuka, makina anagudubuzika n'kukagunda chitsulo cha kuseri kwa mutu wa lole. Mnyamata uja anali atangochoka pamalo amenewo pothawa dzuwa. Tinafika ku Chimwemwe ndi makina ophwanyika kutsogolo asanatchetcheko udzu ngakhale tsiku limodzi. Malegeniwo ine ndinawaona tisananyamuke, koma ndinakhala chete poopa kuoneka ngati ndikuphunzitsa dalaivala ntchito yake.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga ndi awa: malamba omangira ndi makwerero olimba ndi mbali ya mtengo wa makina. Amene ndalama zake zakwanira makina okha ayambe wadikira, chifukwa kugulako sikunathe. Ndiponso udindo woona kuti katundu wamangidwa bwino uli pa mwini makina, ngakhale galimoto ikhale ya wina.

Ambiri timaganiza kuti chinthu cholemera chimakhazikika chokha. Thumba la feteleza limakhazikikadi pang'ono, chifukwa limagona pansi. Koma makina a makilogalamu 250 ali ngati matumba asanu a feteleza oikidwa pa matayala. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, iwo amapitiriza ulendo pa liwiro lomwe lija. Muyezo umene akatswiri a ku Ulaya amatsatira pomanga katundu umati zomangira zipirire mphamvu yofika magawo 8 mwa 10 a kulemera kwa katunduyo pamene akukankhira kutsogolo, ndi theka la kulemera kwake pamene akukankhira m'mbali kapena kumbuyo. Pa makina athu aja, ndiye kuti makilogalamu 200 kutsogolo ndi 125 pokhota. Malegeni anapangidwa kuti azitamuka, n'chifukwa chake amagwira bwino mtolo wa makala panjinga, koma kutamukako kumapatsa makina mpata woyamba kuyenda. Buleki ya makinawo nayonso siyokwanira, pakuti imangogwira matayala a kumbuyo, ndipo pa chitsulo chonyowa kapena chodontha mafuta matayalawo amatsetsereka.

Zofunika si zambiri. Pezani malamba anayi okhala ndi chokungira chachitsulo, amene ali ndi chikwangwani chosonyeza kulemera kumene angapirire. Lamba aliyense agwire ngodya imodzi, awiri akokere kutsogolo ndi awiri kumbuyo, ndipo onse akokerenso pansi. Mangani pa chitsulo chachikulu chimene injini ndi matayala zakhalapo. Chiwongolero, mpando, zotchinga zapulasitiki ndi mbale ya mipeni sizingapirire. Mukatero ikani buleki, tsitsani mbale ya mipeni, tsekani mpopi wa petulo ngati ulipo, chotsani kiyi, ndipo boneti muimange kuti mphepo isaitsegule. Mukayenda makilomita ochepa imani ndi kukunganso malamba, chifukwa amakhwepa makina akakhazikika.

Ngozi ina imachitika galimoto isananyamuke n'komwe, pokweza. Opanga makinawa amachenjeza kuti asakwere chitunda choposa madigiri 15. Kuwerengera kwake n'kosavuta: makwerero akhale aatali pafupifupi kanayi kuposa msinkhu wa pamene mukukwezapo. Lole yotalika mita imodzi kuchoka pansi imafuna makwerero a mamita 4, ndipo vaneti ya masentimita 80 imafuna a mamita 3.2. Matabwa a mamita awiri amene timangotola pabwalo amaimirira kwambiri. Mbale ya mipeni imakola pamlomo wa lole, matayala a kutsogolo amanyamuka, ndipo makina amagudubuzikira chagada pa munthu. Makwererowo amangiriridwe ku galimoto, chifukwa matayala akamazungulira amawakankhira kumbuyo. Ngati mulibe aatali, dziko lathu lino la migodi lili ndi zulu zazikulu ndi zitunda zambiri. Salazani mbali ya chulu, lole ibwerere chammbuyo mpaka igunde, makina alowe mopanda kukwera kwenikweni. Pokweza zimitsani mipeni, kwezani mbale yake m'mwamba, ndipo munthu asaime kumbuyo kapena kunsi kwa makina.

Amene muli ndi ngolo yokokedwa ndi galimoto, ikani makina moti kulemera kwambiri kukhale kutsogolo pang'ono kwa matayala a ngoloyo. Kulemera kukachuluka kumbuyo, ngolo imayamba kugwedezeka uku ndi uku liwiro likakwera, mpaka kukoka galimoto kuichotsa mumsewu. Onetsetsani chokolekera, tcheni chothandizira, mpweya wa m'matayala ndi magetsi a kumbuyo. Musakwezenso makina pa ngolo imene siinakolekedwe ku galimoto, chifukwa imatukuka kutsogolo.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Wina adzati ulendo wake ndi waufupi, wochokera ku Chimwemwe kupita ku Buchi kapena ku Kwacha basi. Koma m'makomboni ndi mmene muli zitunda zochepetsa liwiro, maenje, ana odutsa mothamanga ndi maminibasi oima paliponse, ndipo mabuleki adzidzidzi amachuluka mmenemo kuposa pamsewu waukulu. Wina adzati ndalama zavuta. Zoonadi zavuta, komabe malamba anayi mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi wa makina, ndipo malamba omwewo adzamanga chigayo, pampu yothirira, pulawo ndi thirakitala ya matayala awiri kwa zaka zambiri. Anthu atatu kapena anayi akhoza kusonkherana n'kuwotcheretsa makwerero achitsulo amodzi kwa amisiri a kuno komwe, n'kumabwerekana. Winanso adzati dalaivala ndi wodziwa ntchito. Angakhale wodziwadi kunyamula simenti ndi makala, koma katundu wa matayala mwina sanamunyamulepo, ndipo makina akaphwanyika iye adzalandirabe ndalama yake ya hayala.

Pali apolisi apamsewu ndi bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zapamsewu la mu 2002, ndipo iwo angakuimitseni chifukwa cha katundu wosamangidwa bwino. Koma ife tisadikire wapolisi kuti atikumbutse. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba analamulidwa kuika kampanda kuzungulira denga lake kuti munthu asagwe, ndipo mlandu wa magazi unali pa mwini nyumba. Amene angavulale ndi makina athu ndi mnyamata waganyu amene tamukhazika kumbuyo kwa lole, kapena mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, amene sadziwa n'komwe kuti tadutsa ndi chiyani. Munthu asakhale kumbuyo pamodzi ndi makina, ndipo asakhale pampando wake ulendo uli mkati. Manja a munthu sangagwire makilogalamu 200.

Pempho langa kwa aphunzitsi athu ndi lakuti wophunzira aliyense, asanalandire satifiketi, akweze makina pa ngolo ya pasukulu, awamange ndi kuwatsitsa ndi manja ake, monga amachitira pophunzira kupopera mankhwala. Kwa inu amene munatsiriza kale, musanavomere ganyu yotsatira yang'anani malamba anu ngati sanadyeke, ndipo yezani makwerero ndi tepi. Dalaivala akatulutsa malegeni, mulankhule naye mwaulemu koma musalole kunyamuka. Ine ndinakhala chete ku Ndola, ndipo mnyamata uja anapulumuka chifukwa chongothawa dzuwa.