Mbiri ya matenda anu isakhale m'nkhokwe imodzi

Tsiku lina mayi wina anandibweretsera mwana wodwala khunyu. Buku lake la kuchipatala linali litanyowa ndi mvula, masamba atamatirirana. Kompyuta nayo inali itazima. Mayiwo ankangokumbukira kuti mapiritsi ake ndi oyera. Tinataya nthawi yambiri tisanadziwe mlingo umene mwanayo amamwa, pomwe mankhwala a khunyu si oyerekeza. Kuyambira tsiku limenelo ndimaona kuti kusunga zolembedwa ndi gawo la chithandizo.

Kuno ku Neno zolembedwa zikuchuluka tsiku ndi tsiku. Kuyambira mu 2007, pomwe bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo m'boma lino, mbiri ya odwala ambiri yakhala ikulowa m'kompyuta. Wa ma ARV, wa shuga, wa BP, wa mphumu, aliyense akafika ku Neno, ku Lisungwi kapena ku Dambe amasiya zolembedwa zatsopano. Azaumoyo a m'midzi nawo akulemba za maulendo awo a khomo ndi khomo pa foni. Ndipo chithunzi chimodzi cha X-ray chimadya malo m'kompyuta kuposa masamba mazana a zolemba.

Zimenezi n'zabwino, koma walira mvula walira matope. Kachipangizo kosungira zinthu m'kompyuta kamatha ngati tayala la njinga. Kutentha, fumbi ndi kuzimazima kwa magetsi kumakafupikitsira moyo. Simunaiwale za mu Januwale 2022, pomwe namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala pa mavuto a magetsi kupitirira chaka.

Anthu ena amati yankho ndi kusunga zonse pa intaneti. Kumeneko si kumwamba ayi. Ndi makompyuta akuluakulu a m'nyumba ina kutali, ngati likulu losungira zinthu za boma lomwe linatsegulidwa ku Blantyre mu 2022. Ubwino wake ndi woti chipatala chikapsa kapena chikasefukira, mbiri yanu imatsala. Koma netiweki ikaduka kumapiri kuno, dokotala saifikira. Ngakhale kumayiko olemera nkhaniyi sinathe. Makampani akuluakulu akusungabe zinthu zakale pa matepi, ndipo akatswiri akuyesa zosunga mu DNA, njira yomwe idakali yodula kwambiri.

Maganizo athu ndi awa: tisapikisane pogula makina apamwamba tisanaonetsetse kuti mbiri ya wodwala ili m'malo angapo. Ikhale m'kompyuta ya pachipatala yokhala ndi sola, ikhale ndi kope ina kutali, ikhalenso m'buku lomwe lili m'manja mwanu. Boma ndi mabungwe aziika pambali ndalama zokonzera ndi kusinthira makinawa, osangoti kugula. Aziteteza chinsinsi chanu monga likunenera lamulo loteteza mbiri ya anthu la mu 2024, chifukwa nkhani ya magazi a munthu ikatuluka sibwereranso.

Inu makolo, gawo lanu ndi lalikulu. Buku la kuchipatala ndi khadi la kusikelo muziziika m'pepala la pulasitiki, pamalo okwera, kutali ndi chiswe ndi makoswe. Buku likadzaza musalitaye, lisokereni pamodzi ndi latsopano. Musabwerekane mabuku, ngakhale pa ana a bere limodzi. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani tsamba la katemera ndi la mankhwala. Ndipo musachite manyazi kupempha dokotala kuti alembenso m'buku zomwe walemba m'kompyuta.

Inu mavolontiya, foni ya ntchito muziitseka ndi nambala yachinsinsi, musaibwereke kwa ana, ndipo mukapeza netiweki tumizani zomwe mwalemba tsiku lomwelo. Mukamayendera mabanja mvula isanayambe, funsani kuti akuonetseni pomwe amasunga mabuku awo.