Mukapita ku China kukapikula, kadyeni ndithu



Lero tisiye kaye za sikelo ndi phala la ana. Tikambe za ulendo wa ku China. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka kuti anamwino asokonekera, ife ndege timangoiona ikudutsa kupita ku Chileka. Koma taganizani. Nsapato, zikwama, mawigi, mafoni ndi nyale za sola zimene zadzaza m'mashopu a ku Limbe ndi m'tauni, alipo amene amakazitenga. Chiyambire ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, amalonda athu akhala akupita ku Guangzhou kukapikula, ndipo amayi alimo ambiri ndithu. Ngati si inu, ndi mwana wanu, mlamu wanu, kapena mayi wa kumpingo kwanu. Ndipo potsanzikana timawauza mawu amodzimodzi: kumeneko usakadye chilichonse, amadya agalu ndi njoka.

Ine ndikuona kuti malangizo amenewa ndi amene amadwalitsa anthu. Timawaopseza ndi zinthu zimene sakakumana nazo, n'kusiya kuwauza zimene zingawavulazedi.

Munthu wochita mantha amatani? Amadzitsekera m'chipinda cha hotelo ndi buledi, mabisiketi, zakumwa zotsekemera ndi ma noodles a m'kapu aja ongothira madzi otentha. Kukacha amayenda tsiku lonse m'misika, kukwera ndi kutsika masitepe, atanyamula zikwama. Guangzhou kuyambira June mpaka September kumatentha ngati ku Nsanje, ndiponso ndi kutentha kwa chinyezi, thukuta silimauma. Sabata ziwiri za moyo wotere, wopanda ndiwo zamasamba, wopanda chipatso, madzi akumwa mochepa, mapeto ake ndi kudzimbidwa, mutu, chizungulire. Kwa wa shuga ndi wa BP ndiye kuika moyo pachiswe kwenikweni, chifukwa kapu imodzi ya ma noodles aja imatha kukhala ndi mchere woposa theka la umene munthu ayenera kudya tsiku lonse. Akabwera kuno atafooka, timati mwaona, chakudya cha ku China. Chonsecho sanachilawe n'komwe.

Za agaluzo, inde alipo amene amadya, sindikubisirani. Koma ndi ochepa, ndipo nyamayo ili ndi malo ake, siibwera mwangozi m'mbale ya munthu amene waitanitsa nkhuku. Mzinda wa Shenzhen, womwe uli pafupi ndi Guangzhou, unaletsa kudya agalu ndi amphaka kuyambira pa 1 May 2020, ndipo chaka chomwecho dziko lonse linaletsa kudya nyama zakutchire. Komanso tisamafulumire kuseka anzathu. Ife timaimitsa minibasi kuti tigule mbewa zopanidwa pa kamtengo. Timadya ngumbi, ziwala, mphalabungu, ndipo ine ngumbi zokazinga bwino simungandilande. Mlendo akaziona amanyansidwa chimodzimodzi.

Chimene anthu wamba a ku Guangzhou amadya tsiku ndi tsiku si chachilendo kwa ife. Mpunga. Nsomba yophika pa nthunzi ndi jinja ndi anyezi wamasamba. Nkhuku, bakha, nkhumba, mazira okazinga ndi tomato. Ndiwo zamasamba zambiri, zapachibale ndi mpiru ndi tchainizi wa m'dimba mwathu, zophikidwa mphindi zochepa, zikadali zobiriwira, popanda soda. Mmawa amamwa phala la mpunga lamadzimadzi, m'Chingerezi amalitcha congee, loikamo nkhuku kapena nsomba. Phala limenelo ndi labwino kwambiri kwa munthu amene m'mimba mwasokonezeka ndi ulendo. Ndiye pali dim sum, timbale ting'onoting'ono tobwera m'timadengu tansungwi tikufuka nthunzi, todyera limodzi ndi tiyi. Mukatsegula kadengu kena mupeza zipalapasiro, mapazi a nkhuku omwe aja timagula pa chiwaya. Kumeneko ndi chakudya cholemekezeka.

Monga namwino, chimene ndimayang'ana pa chakudya si dzina lake, koma kutentha kwake. Majeremusi oyambitsa kutsegula m'mimba amafa ndi moto, kaya ndi ku Ndirande kaya ndi ku Guangzhou. Chakudya chophikidwa inu mukuona, chofika patebulo chikufuka, pamalo pamene anthu adzaza ndipo mapoto sakugona, chimenecho idyani. Chozizira, chimene chakhala pambalambanda kuyambira mmawa, zipatso zosendasenda kale, chisiyeni, ngakhale chikhale nsima. Ndanena dala za nsima chifukwa ku Xiaobei, dera limene kumapezeka anthu ambiri a ku Africa, kuli malo ophika zakudya za kwathu kuno, ndipo munthu akaona chakudya chodziwika amaiwala kufunsa kuti chaphikidwa nthawi yanji. Abale athu achisilamu, musavutike mtima: kuderali malo odyera a halaal ndi ambiri, ndipo malo a ma noodles a ng'ombe a Lanzhou, omwe kawirikawiri eni ake ndi Asilamu, amapezeka pafupifupi paliponse m'mizinda ya ku China. Ngati chilankhulo chavuta, lozani chithunzi kapena mbale ya munthu wa tebulo linalo. Ngati timitengo todyera takukanikani, pemphani supuni, palibe amene akumangeni.

Mudzaonanso chinthu china chodabwitsa. Musanadye amabweretsa ketulo ya tiyi kapena madzi otentha ndi kabeseni, ndipo anthu amatsukuluza okha kapu, mbale ndi timitengo. Chitani nawo. Madzi a pampopi kumeneko anthu samwa osawiritsa, ndipo m'mabwalo a ndege ndi m'masiteshoni a sitima muli makina opereka madzi owira kwaulere. Anthu amayenda ndi fulasiki. Ndikaganiza za kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre, ndimalakalaka chizolowezi chimenechi chitabwera m'makontena limodzi ndi nsapato zija.

Tsopano chimene ndikufuna muope. Nsomba yaiwisi ya m'madzi opanda mchere.

Kudera la Guangdong, makamaka ku Shunde, kuli chakudya chotchuka cha nsomba ya m'damu yodulidwa mopyapyala ngati pepala, yosaphika, yosakaniza ndi mafuta, jinja ndi mtedza. Ndi chakudya chaulemu, chimene mwini fakitale angakugulireni posangalala kuti mwapanga oda yaikulu, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. Kanani ndithu. Mu mnofu wa nsomba zimenezi mumatha kukhala tinyongolotsi totchedwa Clonorchis sinensis, tosaoneka ndi maso. Tikalowa m'thupi timakakhala m'njira za ndulu m'chiwindi, ndipo timatha kukhalamo zaka 20 kapena kuposerapo. Poyamba munthu samva kanthu, kapena amangomva kupweteka pang'ono kumanja pansi pa nthiti. Pakapita zaka njira zija zimatupa, zimatsekeka, maso amachita chikasu, ndipo mu 2009 bungwe la WHO loona za khansa linaika kanyongolotsi kameneka m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Viniga sakapha. Tsabola sakapha. Mowa waukali umene amakupatsani kuti mutsitsire, nawonso sukapha. Moto wokha. Mankhwala ake alipo, ndi praziquantel yemwe uja timapereka pa likodzo, koma muyezo wake ndi wosiyana, ndipo dokotala wa kuno sangaganizire matendawa ngati simunamuuze kuti munadya nsomba yaiwisi ku China. Mukafuna kukana mwaulemu, gwirani pamimba n'kunena kuti adokotala anakuletsani. Chifukwa chimenecho amachimva kulikonse.

Chachiwiri ndi mchere wobisika. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi. Supuni yaikulu imodzi ya soy sauce, msuzi wakuda umene umakhala patebulo paliponse, ili ndi pafupifupi theka la muyezo umenewo. Wa BP asawonjezere msuziwo, ndipo akadya ma noodles asamwe msuzi wotsala m'mbale. Asankhe zophika pa nthunzi. Wa shuga asamale ndi phiri la mpunga woyera komanso tiyi wa mkaka wozizira wa timipira uja, amene achinyamata amayenda naye m'manja. Shuga wake ndi wochuluka zedi.

Palinso nkhanu za m'nyanja yamchere, ma prawns ndi nkhono. Ambiri a ife tinakulira chambo, usipa ndi matemba, ndiye sitidziwa ngati thupi lathu limadana nazo. Lawani pang'ono kaye, zophikidwa bwino. Milomo ikayamba kutupa, thupi kuchita zidzolo zoyabwa, pakhosi kuthina, kupuma kuvuta, musapite kukagona kuti zitha zokha. Nambala ya ambulansi ku China ndi 120. Zipatala za kumeneko n'zolipira, choncho ndalama yonse isathere m'katundu, ndipo inshulansi ya paulendo si ndalama yotayika.

Nanga kuona malo? Pali amene amapita kasanu konse osadziwa china koma msika, hotelo ndi bwalo la ndege, ndipo amaona ngati kuyenda n'kuononga ndalama ya mpamba. Ine ndikuti tsiku limodzi lopuma lili m'gulu la mpamba womwewo. Munthu amene wakhala mundege pafupifupi maola 10 kuchokera ku Addis Ababa, nthawi n'kusintha ndi maola 6, mutu wake sumawerengera bwino, ndipo wotopa ndi amene amaberedwa pa mtengo. Kuwala kwa dzuwa ndi kuyenda pansi ndi zimene zimathandiza thupi kuzolowera nthawi yatsopano msanga. Pitani ku Yuexiu Park mmawa, mukaone chiboliboli cha mbuzi zisanu chomwe ndi chizindikiro cha mzindawo, koma makamaka mukaone agogo a zaka 70 akuvina ndi kuchita masewera olimbitsa thupi pagulu, opanda manyazi. Madzulo kaimeni m'mbali mwa mtsinje wa Pearl muone Canton Tower, nsanja yotalika mamita pafupifupi 600, ikusinthasintha mitundu ya magetsi. Kuiona muli pansi sikulipiritsa. Amene munakwerapo phiri la Soche kapena la Michiru, phiri la Baiyun silingakuopseni. Malo amodzi okha oti musapiteko kukaona ndi misika yogulitsa nkhuku ndi mbalame zamoyo. Chimfine cha mbalame cha H7N9, chimene chinayamba kugwira anthu ku China mu 2013, ambiri anachitengera m'misika yotereyi.

M'mapaki muli udzudzu, ndipo ndi wosiyana ndi wathu wa malungo: uwu umaluma masana. Umafalitsa dengue, imene inagwira anthu oposa 40,000 ku Guangdong mu 2014, komanso chikungunya, imene inabuka ku Foshan mu 2025. Neti ya usiku siikwanira, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu.

Mankhwala anu a tsiku ndi tsiku akhale m'chikwama cha m'manja, m'mabotolo ake enieni, okwanira ulendo wonse ndi sabata ina yapadera, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Amene muli pa ma ARV, China inachotsa lamulo loletsa anthu omwe ali ndi HIV kulowa m'dzikolo mu 2010, choncho palibe chifukwa chosiyira mankhwala kunyumba poopa kusechedwa. Kumbukirani za maola 6 aja: ngati mumamwa 8 koloko madzulo kuno, kumeneko imakhala 2 koloko usiku. Kambiranani ndi a kukiliniki kwanu musananyamuke kuti musinthe bwanji nthawi. Mundege imirirani ndi kuyendayenda pakapita maola awiri alionse, makamaka amayi oyembekezera, amene mwangobereka kumene, ndi amene mukumwa mapiritsi olera a mphamvu ziwiri, chifukwa magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka pa katumba, musausisite, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndipo matenda amene ndimaopera kwambiri munthu wa kuno ali ku Guangzhou si a ku China ayi. Ndi malungo athu omwe, onyamula kuchokera kunyumba. Udzudzu ukhoza kukulumani ku Bangwe sabata imene mukunyamuka, thupi n'kudzatentha muli kale kumeneko, ndipo inu n'kumanamizira chakudya cha dzulo. WHO inalengeza pa 30 June 2021 kuti China yathetsa malungo, ndiye dokotala wa kumeneko sayamba waganiza za malungo monga amachitira wa kuno. Mankhwala ali nawo. Ndipotu LA amene timamwayu gwero lake ndi komweko, kwa mayi Tu Youyou amene analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa chotulukira artemisinin. Chofunika n'choti munene msanga. Musananyamuke, pemphani wina akulembereni pa foni m'Chitchaina mawu oti mwachokera ku Malawi, dziko la malungo, ndipo mukufuna kuyezedwa magazi.

Mukabwerako, zimatembenuka. Thupi likatentha m'sabata ziwiri zoyamba, mutu ndi kuseri kwa maso kukupweteka, mafupa akuphwanya, koma malungo osapezeka, uzani adokotala kumene munali ndi tsiku limene munabwera. Podikira imwani Panado yekha ndi madzi ambiri, osati aspirin kapena Brufen, chifukwa ngati ndi dengue mankhwala awiriwa amawonjezera kutaya magazi.