Msewu wa kwa Katunga Si Bwalo la Liwiro

M'chigawo cha Nevada, m'dziko la America, muli msewu wa boma wotchedwa Route 318 umene umatsekedwa kawiri pa chaka kuti anthu apikisanepo pa liwiro la magalimoto. Wotchuka mwa mipikisano iwiriyo ndi Silver State Classic Challenge, umene udayamba m'chaka cha 1988. Opikisanawo ambiri si akatswiri olembedwa ntchito ndi makampani opanga magalimoto ayi. Ndi anthu wamba okonda liwiro, aliyense ndi galimoto yakeyake ndiponso ndalama za m'thumba mwake. Amathamanga mtunda wa makilomita 145 pakati pa timidzi tiwiri, Lund ndi Hiko. Mu 2017 galimoto ina idamaliza mtunda wonsewo pa liwiro la makilomita 353 pa ola, ndiye kuti inkadutsa utali wa bwalo la mpira pa sekondi imodzi yokha.

Masiku ano zithunzi za mipikisano yotere zimapezeka m'mafoni, ndipo zimakodola mtima wa wachinyamata aliyense amene adagwirako chiwongolero. Woyendetsa galimoto akatsika mapiri kuchokera ku Blantyre, nathana ndi makhotamakhota onse aja mpaka pa Thabwa, amaona dziko litayala ngati mphasa. Akawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, msewu wa M1 umadutsa pa Dyeratu, n'kulowa m'midzi ya kwa Katunga ndi kwa Maseya, kulunjika ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje. Palibe chitunda chotopetsa injini. Apa m'pamene ganizo loipa limabadwira: ngati ku Nevada amatseka msewu, cholepheretsa n'chiyani kutseka uwu tsiku limodzi lokha? Ganizoli liyenera kukanidwa lisanamere mizu, ndipo chifukwa chake chagona pa liwu limodzi limene okonda masewerowa amalidalira kwambiri, liwu lakuti kutseka.

Chilungamo chifuna kuti mbali yawo imveke kaye. Mpikisano wa ku Nevada si wa anthu opanda mitu. Galimoto iliyonse imayesedwa isanaloledwe, matayala ake amaunikidwa, ndipo woyendetsa amavala chisoti cholimba. Magalimoto sanyamukira limodzi. Amatulutsidwa imodziimodzi motalikirana. Ambiri mwa opikisanawo salimbirana kuti wothamangitsitsa ndani, koma amasankha liwiro limene afuna kusunga, ndipo wopambana ndi amene wafika pa nthawi yeniyeni yoyenerana ndi liwirolo. Wopyola malire amene adapatsidwa amachotsedwa mu mpikisano. Pa zipata za njira zolowa mu msewuwo pamaima anthu olondera. Zonsezi n'zoona, ndipo wozikana angakhale wabodza.

Komatu chimene chimateteza anthu ku Nevada si chisoti kapena malamulo. Ndi chipululu. Lund ndi Hiko ndi timidzi ta anthu mazana ochepa chabe, ndipo pakati pake munthu amayenda mtunda wautali osaona khomo la nyumba. Kutseka msewu wotere n'kosavuta pakuti masiku onse umakhala ngati wotseka kale. Ngakhale zili choncho, imfa siidaleke kufikako. Mu 2011 woyendetsa wina pamodzi ndi mnzake womuwerengera njira adafera pa msewu womwewo. Iwowo adalowa m'galimotomo akudziwa chimene akuchita, ndipo adafa okha popanda kutenga moyo wa munthu woyenda pansi.

Nanga kwa Katunga? Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa ndi ena pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje, ndipo chikhamu cha anthu amenewa chidamanga motsata msewu. Kumeneko msewu sulambalala moyo wa anthu, umapyola pakati penipeni. Nyumba ili tsidya lino, mjigo uli tsidya lilo. Khola lili kuno, msipu uli uko. Mwana wa Sitandade 1 amauwoloka popita kusukulu ndi pobwerera, mayi amauwoloka atasenza chimanga cha kuchigayo, ndipo kamnyamata kobusa kamauwoloka kali pambuyo pa ng'ombe zimene sizidziwa tanthauzo la mbendera yofiira. Mu msewu momwemo mumayenda ngolo, njinga za kabaza, njinga zolemedwa ndi matumba a makala, mathirakitala ndi malole a nzimbe. Mvula ikagwa, dothi la makande limamata mapazi, motero aliyense amakwera pa phula. Pa mtunda wa kilomita imodzi pali tinjira tambirimbiri tochokera m'minda ndi m'makomo, ndipo palibe n'kamodzi komwe kokhala ndi chipata.

Kodi olondera angachuluke bwanji kuti aime pa kanjira kalikonse? Ngakhale atapezeka, adzamuuza chiyani mbuzi? Gogo wosamva bwino, amene wawoloka pa malo amodzimodzi zaka makumi asanu, adzawerenga kuti chikalata cholengeza kuti lero msewu ndi wa alendo? Munthu akhoza kutchinga magalimoto pa Thabwa ndi pa Nchalo, nalemba m'buku kuti msewu watsekedwa, koma pakati pa zotchinga ziwirizo msewuwo udzakhala uli chitsekukire m'mbali zake zonse.

Wophunzira amene adamvetsa bwino phunziro la sayansi amadziwa kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imafuna kuti iime umawirikiza kanayi. Galimoto yoyenda makilomita 200 pa ola imafuna mtunda woposa wa yoyenda makilomita 50 pa ola kakhumi n'kasanu ndi kamodzi, ndipo pa sekondi imodzi imene woyendetsa amatha akudabwa asanaponde buleki, imakhala itapita kale mamita oposa 55. Luso la woyendetsa silisintha masamu amenewa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limanena kuti woyenda pansi akagundidwa pa liwiro la makilomita 65 pa ola, mpata woti afe umaposa kanayi mpata wa amene wagundidwa pa makilomita 50. Ngati makilomita 15 okha amasintha zinthu chotero, za liwiro la mpikisano n'zosachita kufunsa.

Mayiko amene adayambitsa masewerowa adaphunzira ndi maliro. Mu Meyi 1903 mpikisano wochokera ku Paris kupita ku Madrid udaimitsidwa ndi boma la France utangofika ku Bordeaux, pa tsiku loyamba lomwe, chifukwa cha imfa za opikisana ndi oonerera. Mmodzi wa ophedwa ndi ngozi za tsikulo adali Marcel Renault, wa ku banja lopanga magalimoto lija. Ku Italy kudali mpikisano wa Mille Miglia, wa makilomita pafupifupi 1,600, wodutsa m'mizinda ndi m'midzi. Pa 12 Meyi 1957 tayala la galimoto ya Alfonso de Portago lidaphulika pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo. Iye ndi mnzake adafa, koma galimotoyo idaphanso anthu asanu ndi anayi oima m'mbali mwa msewu, asanu mwa iwo ali ana. Mpikisanowo udathera pomwepo. Dziko la Italy ndi lolemera, lili ndi apolisi ochuluka, ndipo anthu ake amakonda magalimoto koposa, koma lidaona kuti msewu wa m'mudzi sutsekeka.

Chitsanzo chowawa kwambiri n'cha mu Africa momwe muno. Mpikisano wa Dakar, umene unkayambira ku Ulaya n'kudutsa m'chipululu cha Sahara mpaka ku Senegal, udapha anthu a m'midzi amene sadalembetse nawo chilichonse. Mu 2006 mokha anyamata awiri aang'ono adagundidwa n'kufa, wina ku Guinea, wina ku Senegal. Chaka chotsatira mpikisanowo udachitikanso monga mwa masiku onse. Udadzaimitsidwa mu 2008, pamene zigawenga za ku Mauritania zidaopseza miyoyo ya opikisana eni ake, ndipo kuyambira 2009 udasamukira ku South America, kenaka ku Saudi Arabia mu 2020. Mwana wa m'mudzi atafa, magalimoto adapitirira ulendo; mlendo ataopsezedwa, zonse zidaima. Amene afuna kudziwa mtengo umene masewero otere amaika pa moyo wa mwana wa kwa Katunga, yankho lake ndi limenelo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ena adzati nkhanizi n'zakale ndipo Africa ali ndi akatswiri ake. Ali nawodi. Satwant Singh wa ku Zambia adakhala katswiri wa Africa yense kasanu n'katatu, ndipo dzina lake limatchulidwa mwaulemu. Ku Kenya mpikisano wa Safari Rally, umene udayamba mu 1953, ndi chinthu chonyaditsa dziko. Koma mbiri ya Safari yomweyo ikutsutsa amene amaitchula. Kwa zaka zambiri unkachitikira m'misewu yotsekula, magalimoto a mpikisano akupishana ndi mabasi ndi ziweto. Udachoka pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse itatha nyengo ya 2002, ndipo pobwerera mu 2021 udabwera wosinthika: zigawo zake zaliwiro zidaikidwa m'njira zotsekeka za kufupi ndi Naivasha, zambiri za m'minda ikuluikulu yosungiramo nyama. Akenya sadatseke msewu wa pakati pa Nairobi ndi Mombasa kuti anthu ayeserepo injini.

Tsono pali funso lina limene okonda liwiro salifunsa, poti iwo sadwalira ku chigwa. Msewu ukatsekedwa, wotsekeredwa ndani? Dzina la Katunga lidalowa m'mabuku a mbiri chifukwa cha ulendo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 sitima za pamadzi zochokera ku Zambezi zinkathera pa dooko la kwa Katunga, pakuti kumtunda kwake Shire ali ndi mathithi, ndipo katundu yense ankakwera mapiri kupita ku Blantyre pamitu ya amtengatenga. Kuyambira kalelo dera limeneli lakhala pakhosi pa chigwa chonse. Lero wodwala wotumizidwa kuchokera ku chipatala cha Nsanje, cha Ngabu kapena cha St Montfort ku Nchalo kupita ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre amadzera pomwepo. Shuga wa ku Nchalo, thonje, ng'ombe zopita kokagulitsa, mafuta a galimoto ndi mankhwala, zonse zimapyola pa msewu umodzi ndi mlatho umodzi.

Anthu a ku chigwa safunika kuwafotokozera tanthauzo la msewu wotsekeka. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adadula M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adabwereza zomwezo. Pa masiku amenewo wodwala, wamalonda ndi wopita ku maliro onse adaima m'mphepete mwa madzi akuyang'ana tsidya. Zimenezo zidachitika ndi mphamvu imene palibe akadailetsa. Kuchita dala zomwezo, ngakhale kwa maola asanu okha, kuti anthu makumi angapo amve kukoma kwa liwiro, n'chipongwe. Mayi amene matenda a uchembere amuvuta sayembekeza kuti galimoto yomaliza idutse.

Za phindu la ndalama n'zosafunika kutayirapo nthawi yambiri. Blantyre ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Chikwawa. Mlendo wobwera ndi galimoto ya mpikisano adzagona ku Blantyre, adzadya ku Blantyre, adzathira mafuta ku Blantyre, ndipo dzuwa la ku chigwa likayamba kuswa mtengo adzabwerera komweko. Otsala adzatola mabotolo.

Choopsa china n'chakuti mpikisano sutha pa tsiku lake. Ngakhale popanda chilolezo cha munthu aliyense, msewu umenewu uli kale ndi opikisana ake: maminibasi olimbirana okwera, njinga zamoto zonyamula anthu atatu opanda zisoti, ndi apaulendo ofuna kubweza nthawi imene mapiri adawadyera. Lipoti la World Health Organization la mu 2023 lidati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndipo ndizo zimatsogola popha ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Africa ndiye amataya anthu ambiri poyerekeza ndi chiwerengero chake, chikhalirecho ali ndi magalimoto ochepa. Boma limene limaika apolisi pamsewu kuti agwire othamangitsa galimoto silingathe, tsiku lina, kuimika apolisi omwewo kuti aziombera m'manja liwiro pa phula lomwelo. Mnyamata wa kabaza amene waonerera Loweruka adzayeserera Lolemba, msewu uli wodzaza.

Kukonda magalimoto si tchimo, ndipo luso lowongolera galimoto yothamanga ndi luso ndithu. Amene ali nalo atsate njira imene anzawo a kumwera adatsata. Ku South Africa kuli bwalo la Kyalami, lomwe lidatsekulidwa mu 1961, ndipo ku Harare kuli la Donnybrook. Amenewa ndi malo opatulidwa, okhala ndi mpanda, ndipo aliyense wolowamo amalowa mwa kufuna kwake. Okonda masewerowa m'Malawi asonkhe ndalama zawo, apeze malo kutali ndi midzi, amange mpanda, alembe dotolo ndi ambulansi yawoyawo. Zidzawadyera chuma chambiri, n'zoona, koma chumacho chidzachoka m'matumba mwa amene akusangalala, osati m'makomo mwa anthu a kwa Katunga. Ndipo pempho lobwereka M1 likadzafika pa tebulo la bungwe la Roads Authority, la khonsolo ya Chikwawa kapena pabwalo la mfumu, opemphawo adzayambe aonetsa pa mapu njira imene ambulansi yochokera ku Nsanje idzadzere tsiku limenelo.