Botolo la fumbi si vinyo wakale

Nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati ikafika, m'magolosale a pa Boma la Mchinji mpaka kuchipata cha Mwami mumatuluka mabotolo amene akhala pashelefu zaka ndi zaka. Wogulitsa amapukuta fumbi pang'ono, kuloza chaka chimene chalembedwa papepala, n'kukweza mtengo ati chifukwa vinyoyo ndi wakale. Wogula naye amapereka ndalama mosangalala, poganiza kuti akalemekeza nawo ankhoswe. Nthawi zambiri amakhala atagula viniga wodula.

Chikhulupiriro choti vinyo amakoma akakalamba sichidachokere m'miphika yathu. Mowa wamasese ukapsa umamwedwa masiku omwewo, ukagonera kwambiri umasasa. Thobwa nalonso n'chimodzimodzi. Kachasu mungamusunge chaka chonse, sasintha n'pang'ono pomwe. Liwu lenilenilo loti vinyo tidabwereka kwa Apwitikizi, ndipo ambiri kuno adayamba kuona chakumwachi paguwa la tchalitchi, monga ku Kachebere komwe ansembe a White Fathers adatsegula mishoni mu 1903. Mutu 5 wa Uthenga Wabwino wa Luka umakambanso za munthu wokonda vinyo wakale kuposa watsopano. Ndiye mfundoyo idatilowa m'mutu, koma theka lake lokha.

Theka linalo ndi ili: vinyo wambiri padziko lapansi amapangidwa kuti amwedwe msanga, pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu. Wam'katoni uja ndiye miyezi chabe. Amene amapirira zaka 20, 30 kapena 50 ndi ochepa kwambiri, ndipo amakhala ndi zinthu zomuteteza kuchokera kumunda komwe. Chachikulu ndi chimene opanga vinyo amachitcha tannin, chochokera m'makoko ndi m'njere za mphesa. Mukadya nthochi yosapsa kapena kumwa tiyi wowira kwambiri wopanda mkaka, m'kamwa mumakhakhala, ndi chomwecho. Vinyo wofiira woyenera kusungidwa akakhala mwana amakhakhala choncho, amawawasanso, mwakuti wosadziwa angamutaye. Zaka zikamapita, tanniniyo amagwirana ndi zinthu zopatsa mtundu n'kumatsika pansi ngati nsenga, kukhakhala kumachepa, ndipo fungo la zipatso zaziwisi limasanduka lina.

Alimi a fodya a ku Mkanda ndi ku Kapiri angamvetse izi msanga kuposa anthu a m'tauni. Tsamba la bale siliuma bwino chifukwa choti masiku apita. Limafuna chigafa chabwino, mthunzi, mpweya woyenda pang'onopang'ono. Mukaliyanika padzuwa limapserera, likanyowa limaola. Vinyo naye amafuna malo amdima, ozizira pafupifupi madigiri 13 chaka chonse, botolo litagonekedwa chammbali kuti chitsekerero chake, chomwe ndi khungwa la mtengo, chisaume. Tsopano taganizirani botolo limene layenda pathiraki kuchokera ku Cape Town, lachedwa masiku angapo pachipata likudikira mapepala, kenaka laimikidwa pashelefu pansi pa malata m'mwezi wa Okutobala, kutentha kutapitirira madigiri 30. Limenelo lidachita kuphikidwa. Vinyo wodziwika kuti saopa kutentha ndi wa pachilumba cha Madeira, chifukwa eni ake amamutenthetsa dala pomupanga, koma uyo ndi wamtundu wina.

Musaganize kuti ndikunyoza vinyo wakale. Akasungidwa bwino ndi chinthu chodabwitsa, ndipo zitsanzo zili pafupi. Ku South Africa adafinya mphesa koyamba pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck. Mpaka lero akatswiri a kumeneko amalankhula mwaulemu za GS Cabernet wa 1966, wopangidwa ndi George Spies, amene adakomabe patapita zaka zoposa 40. Pinotage, mtundu wa mphesa umene Abraham Perold adaupeza mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, anthu ena ankaupeputsa, koma wa kumunda wa Kanonkop waonetsa kuti umatha zaka makumi angapo. Mu 1976 ku Paris, akatswiri a ku France adalawa vinyo osaona mayina, ndipo wa ku California adapambana wa ku Bordeaux. Ogonjawo ankati wa ku America sangapirire ukalamba. Atabwereza mpikisanowo mu 2006, woyamba adali Ridge Monte Bello wa 1971, wa ku California komweko, ali ndi zaka 35.

Pamene pali ndalama, akathyali sasowa. Mu 2018 botolo limodzi la Romanée-Conti wa 1945 lidagulidwa pamtengo wa madola 558,000 a ku America pa okushoni ya Sotheby's ku New York. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, khoti la mumzinda womwewo lidalamula Rudy Kurniawan kukakhala kundende zaka 10 chifukwa chothira vinyo wotchipa m'mabotolo akale n'kumata mapepala abodza. Ngati adapusitsa anthu olemera amene amalawa vinyo tsiku ndi tsiku, nanga ife a ku Kamwendo?

Choncho musanapereke ndalama, liyang'aneni botolo polowera kuwala. Chaka cholembedwacho ndi chimene mphesa zidakololedwa, sichilonjeza kukoma. Ngati vinyo watsika kupitirira mapewa a botolo, mpweya udalowa. Ngati chitsekerero chatukumuka kapena pakhosi pali zomata zouma, kutentha kudamukankha. Mufunseni wogulitsa komwe botolo lakhala zaka zonsezo. Akayankha mozungulira, lisiyeni.

Koma tiyerekeze kuti mwana wanu wa ku Johannesburg wakubweretserani lenileni, losungidwa bwino. Musalitsegule tsiku lomwelo. Liimikeni pamalo ozizira masiku awiri kuti nsenga zidikhe. Ikani m'madzi a mumtsuko kanthawi, lizizire pang'ono chabe, osati ngati Fanta wa m'firiji. Chitsekerero chakale chimafumbutuka, ndiye chikokeni mofatsa. Thirani pang'onopang'ono mujagi yoyera, tochi ili pansi pa khosi la botolo, ndipo mukaona nsenga zikuyandikira, lekani. Musalisiye maola ambiri lili pamtunda. Vinyo wamng'ono amakonda mpweya, koma wokalamba amatha kutaya fungo lake lonse pa ola limodzi.

Pendeketsani tambula pamwamba pa pepala loyera. M'mphepete simukhala mofiirira ngati nthudza, mumaoneka ngati njerwa yootcha. Kenaka nunkhizani musanamwe, chifukwa kukoma kwakukulu kuli m'mphuno. Mudzamva bowa, masamba ouma a m'nkhalango, chikumba, dothi la mvula yoyamba, ndipo kawirikawiri fodya wouma bwino wa m'chigafa. Azungu amalipira ndalama zambiri kuti aphunzire kuzindikira fungo limeneli, pamene mwana wa mlimi kuno adakulira momwemo. M'kamwa amakhala wofewa, wopepuka, ndipo kukoma kumatsalira mutameza kale. Amene amayembekezera kutsekemera kwa juwisi amakhumudwa. Fungo la viniga, la katoni yonyowa kapena la jamu wopserera likutanthauza kuti vinyoyo adafa.

Botolo limodzi limakwana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense tambula imodzi. Si chakumwa cha pachinkhoswe pamene zokuzira mawu zikuphokosera ndipo anthu akuponya ndalama. Pamwambo wotere gulani wa chaka chatha kapena chinacho, wotsika mtengo, pashopu imene katundu amayenda msanga. Kapenanso yesani wa kwathu konkuno: Linga wa ku Lilongwe amapanga vinyo kuchokera ku zipatso monga jambula ndi magwafa, ndipo botolo lake limayenda makilomita pafupifupi 110 okha pamsewu wa M12 kuti lifike pa Boma.