Lenti ndi Amai Otsala Kumudzi

Abale anga a m'migodi ndi m'mapulazi, masiku 40 a Lenti amafika pamene m'nkhokwe za kwathu mulibe kanthu, cimanga cisanace. Ife tisala nyama mwa kufuna. Amai athu asala nsima mosafuna. Tawerengani Yohane 19. Ambuye ali pamtanda, misomali iri m'manja, anayamba apereka amai ao kwa wophunzira wokondedwa kuti awasunge, ndipo pambuyo pace anamwalira. Nanga inu macona, amene mwatha zaka osatumiza ngakhale kalata, kodi zowawa zanu ziposa za pamtanda? Ine nditi kusala kwanu nkwacabe ngati ndalama ya mowa mwalekawo ingogona m'thumba. Itumizeni kumudzi Paskha asanafike. Paja m'mamawa mwa tsikulo oyamba kufika kumanda anali akazi, amuna akali m'nyumba.