Kukweza mphuno ya pikiapu sikupulumutsa difu m'matope a ku Nsanama

Mvula ikakhazikika, woyendetsa pikiapu pa Nsanama amadziwa kuti phula la msewu wa Bakili Muluzi, wochokera ku Liwonde kulowera ku Ntaja, ndi popumira chabe. Ndalama ili kunja kwa phulalo. Ili kumadambo a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kumene kumachokera mpunga ndi matemba, ili kunjira ya ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique, yomwe ntchito yoyikonza yakhala ikuchedwa kwa zaka zambiri. M'misewu ya dothi malole amakumba ngalande ziwiri, pakati n'kutsala mzere wa dothi lotukuka, ndipo pikiapu ikalowamo imakhula mimba mpaka kutitimira. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adasiya njira zambiri za m'boma la Machinga zitaipiratu.

N'zosadabwitsa kuti mwini galimoto amatchera khutu akamva za leveling kit. Zimenezi ndi zitsulo zozungulira, masipesa, zimene amaziika pamwamba pa sipulingi ndi shoko yakutsogolo kuti mphuno ya galimoto ikwere ndi masentimita pafupifupi 5, ifanane ndi kumbuyo. Mtengo wake ndi wofikirika, ntchito yake imatha tsiku lomwelo, galimoto n'kumaoneka yadzitho. Koma kwa pikiapu imene imadyetsa banja ponyamula katundu, kuika zitsulozi n'kugula mavuto ndi ndalama zako zomwe.

Fashoniyi idatchuka ku America, kumene mapikiapu ambiri amayenda opanda kanthu kumbuyo. Toyota Hilux yopangidwa ku Durban, Isuzu ya ku Gqeberha ndi Ford Ranger ya ku Pretoria zimatuluka m'fakitale kumbuyo kuli kotukuka mwadala, kuti zikasenza katundu wokwana pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50, ziwongoke. Wokweza kutsogolo amaiwongola ilibe katundu. Tsiku la msika ikadzaza mpunga, kumbuyo kumakhala pansi, mphuno n'kuloza kumwamba. Usiku nyali zimathobwa m'maso madalaivala ndi akabaza obwera kutsogolo m'malo mowunikira maenje, ndipo aliyense amene adakumanapo ndi galimoto yotere pakati pa Nsanama ndi Ntaja amadziwa kuopsa kwake.

Vuto lalikulu limabisala kuseri kwa tayala. Kuyambira cha mu 2005, Hilux ili ndi mikono iwiri yachitsulo mbali iliyonse yakutsogolo, wapamwamba ndi wapansi, sipulingi yozungulira ili pakati. Ranger ya kuyambira 2011 nayo ili chimodzimodzi. Mikonoyi idapimidwa kuti tayala lizitha kukwera likagunda mwala, ndi kutsika likalowa m'dzenje. Sipesa imakankhira zonsezi pansi, moti mkono wapamwamba umakhala utatsikiratu ngakhale galimoto itangoima. Tayala likagwera m'dzenje, mkonowo umamenya sipulingi, dalaivala n'kumva kuti khwaa pansi pa mapazi. Ball joint, yomwe imalumikiza mkono ndi tayala, imagwira ntchito itapendekeka mpaka pothera pake. Pagalimoto ya 4x4, ma CV, omwe amafikitsa mphamvu ya injini kumatayala akutsogolo, nawo amapindika mopitirira muyezo, labala wake amang'ambika, girizi n'kutayika, mchenga ndi madzi n'kulowa. Ball joint ikathyoka galimoto ili paliwiro, tayala limagona pansi ndipo chiwongolero sichimvanso.

Ndipo zonsezi zimachitika chinthu chimene chimatitimiza galimoto chisanasunthe n'komwe. Pansi penipeni pa pikiapu, chimodzi mwa zitsulo zoyandikira dothi kwambiri ndi difu ya kumbuyo, yomwe ili pa ekiselo yolumikiza matayala awiri. Kaya mphuno ikwere bwanji, difu imakhala pomwe inali. Chimene chimaikweza ndi kukula kwa tayala basi, ndipo masamu ake ndi okhumudwitsa: kuchoka pa tayala la 265/65R17 kupita pa 265/70R17, difu imangokwera ndi mamilimita 13. Wofuna zoposa apo amagula matayala akuluakulu, omwe amayamba kukhula madigadi ndi chitsulo chogwira bodi akakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto. Apa ena amatenga galayinda n'kudula pokhulapo, osafunsa kuti chitsulo akudulacho chimagwira chiyani.

Amakaniko athu ali ndi njira yawoyawo, yosafuna kuitanitsa kanthu ku Johannesburg. Nissan Hardbody ndi Isuzu KB zakale zili ndi torsion bar kutsogolo, ndipo kungomanga bawuti yake kumakweza galimoto. Zotsatira zake n'zomwezija, kuphatikizapo kuuma kwa galimoto, yomwe imangodumphadumpha pamsewu wa mabampu matayala osagwira bwino pansi. Kumbuyo amawonjezera masipulingi kuti inyamule matumba 30 m'malo mwa 20. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti mapikiapu akale opanda ABS ali ndi valavu yomwe imapima kutsika kwa bodi kuti idziwe mphamvu yotumiza kumabuleki akumbuyo. Bodi ikakwezedwa popanda kusintha valavuyo, imayesa kuti galimoto ilibe katundu, n'kuchepetsa mphamvu ya mabuleki pamene ikufunika kwambiri.

Pamwamba pa matumbawo pamakhala anthu. Matola akadali mayendedwe a amayi opita kumsika ndi odwala opita kuchipatala cha boma ku Liwonde. Galimoto yokwezedwa siyichedwa kugubuduzika pakona, ndipo wokhala pamwamba pa katundu alibe lamba kapena denga lomuteteza.

Sikuti pikiapu singakwezedwe bwino. Zimatheka ngati munthu agula zonse pamodzi: masipulingi ndi mashoko opimidwira kutalika kumeneko, mikono yapamwamba yopindidwa kuti isagunde sipulingi, kenako n'kupita nayo pamakina a alayimenti, chifukwa kukweza kulikonse kumasokoneza kaimidwe ka matayala ndipo amayamba kudyeka mbali imodzi. Izi n'zodula, makamaka ndi kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo makinawo ali m'matauni, osati pansi pa mtengo wa mango. Amene sangakwanitse zonsezo angachite bwino kuika ndalama yake pa matayala a matope a saizi yomwe galimoto idabwera nayo, mashoko atsopano, ndi chitsulo chotchinga pansi pa injini. Akhozanso kupanga maulendo awiri m'malo mosenzetsa galimoto ulendo umodzi, ngakhale kuti mtengo wa dizilo umachititsa malangizo amenewa kukhala owawa kumva.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Anthu sakadavutika n'kukweza galimoto njira zopita ku Chilwa ndi ku Nayuchi zikadamapalidwa ndi kuthiridwa miyala mvula isanayambe. TEVETA iyenera kuonetsetsa kuti achinyamata ophunzira umakaniko akudziwa zimene zimachitika kumikono, ku ma CV ndi kumabuleki galimoto ikakwezedwa, poti iwowo ndiwo adzagwire sipanala. Ndipo oyeza galimoto a Road Traffic, asanapereke chiphaso cha COF kwa pikiapu yooneka kuti yakwezedwa, aikweze pa jeke kutsogolo mpaka matayala alendewere, aone ngati mkono wapamwamba ukukhudza sipulingi, kenako akhotetse chiwongolero mbali zonse ziwiri n'kuyang'ana pamene tayala lakhala likukhula.